Ufa, mchere, soda, mafuta ndi shuga: dziwani zomwe mukuthira mumphika

M'makomo ambiri mphika umalandira zinthu zomwezomwezo tsiku ndi tsiku: ufa, mchere, mafuta, tomato, anyezi, nsinjiro, shuga ndi soda. Poti tidazizolowera, sitidzifunsa kuti mgaiwa umasiyana bwanji ndi ufa woyera ukalowa m'thupi, soda amachita chiyani ku ndiwo zamasamba, kapena mawu achingerezi olembedwa pa paketi ya mchere amatanthauzanji.

Komatu mafunso amenewa akukhudza moyo. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo amayi 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ali ndi vuto lochepa magazi. Kafukufuku wina wa matenda osapatsirana wa STEPS, yemwe adachitika mu 2009, adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ina mwa mizu ya mavuto amenewa ili m'khitchini.

Chinthu chomwecho chingakupatseni thanzi kapena kukudwalitsani. Zimatengera mtundu womwe mwagula, muyeso womwe mwathira komanso momwe mwaphikira. Nkhani ino ikufotokoza zophikira zodziwika, chimodzichimodzi, pamodzi ndi mawu omwe mumamva kuchipatala, pa wailesi kapena kuwerenga pa mapaketi.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya

Alangizi a zaumoyo akamanena za kasinthasintha wa zakudya, amatanthauza kudya kuchokera ku magulu asanu ndi limodzi pa tsiku. Maguluwa ndi awa: zokhutitsa monga chimanga, mpunga, chinangwa, mbatata ndi mapira, zanyemba monga nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza, zanyama monga nsomba, mazira, mkaka, nkhuku, mbewa ndi ngumbi, zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Palibe gulu lomwe lingagwire ntchito ya linzake. Nsima yochuluka imakhutitsa koma siingalowe m'malo mwa ndiwo.

Miyeso ya m'khitchini

Malangizo ambiri a zaumoyo amagwiritsa ntchito miyeso itatu. Supuni yaing'ono, ija yotakasira tiyi, imalowa mamililita 5. Supuni yaikulu imalowa mamililita 15, kutanthauza masupuni aang'ono atatu. Kapu imalowa mamililita pafupifupi 250. Akati supuni imodzi, amatanthauza yosalaza pamwamba, osati yotundumuka. Kuyeza ndi dzanja kumanyenga, makamaka pa mchere, shuga ndi mafuta.

Ufa: mgaiwa, gramili ndi woyera

Mgaiwa ndi ufa wochokera ku chimanga chogayidwa chonse, osakonola. Khungu ndi kamtima ka njere zimakhalamo, ndipo m'menemo ndi momwe muli mafuta achilengedwe, mavitamini a gulu la B, ayironi, zinki komanso timaulusi tothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino.

Gramili ndi ufa wa chimanga chokonola koma chosaviika. Madeya amachoka, choncho michere ina imatayika. Ufa woyera umadutsa njira yaitali: kukonola, kupeta, kuviika mphale kwa masiku angapo, kutsuka, kuyanika ndi kugaya. Nsima yake imakhala yosalala, koma zambiri zopindulitsa zimapita ndi madeya komanso madzi oviikira. Chotsala kwambiri ndi chopatsa mphamvu chabe.

Izi sizikutanthauza kuti ufa woyera ndi poizoni. Zikutanthauza kuti banja lodya nsima yoyera tsiku lililonse liyenera kulimbikira ndiwo. Pa phala la mwana, mgaiwa wosakaniza nsinjiro kapena ufa wa soya ndi wopambana. Likuni Phala, yemwe dzina lake lidachokera ku chipatala cha Likuni ku Lilongwe, ndi chimanga chosakaniza soya pa chifukwa chomwechi.

Chenjezo pa mgaiwa ndi lakuti ugayidwe kuchokera ku chimanga chouma bwino, chosankhidwa. Poizoni wa chuku amakhala wambiri kukhungu la njere, ndiye chimanga chowola chikagayidwa mgaiwa, zonse zimalowa mu nsima.

Kudalira chimanga chokha kumabweretsanso matenda a pelagra, obwera thupi likasowa vitamini B3. Khungu la m'khosi, m'mikono ndi m'malo ena owombedwa dzuwa limada ndi kusupuka, munthu amatsegula m'mimba ndipo mutu umatha kusokonezeka. Mu 1990 matendawa adagwira anthu masauzande ambiri mwa othawa nkhondo a ku Mozambique omwe ankakhala m'Malawi muno, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chomwe ankalandira. Mtedza, nyemba, nsomba ndi nyama zimateteza ku matendawa.

Mchere

Mchere uli ndi nkhope ziwiri. Yoyamba ndi ayodini. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, lamulo la dziko lino limafuna kuti mchere wogulitsidwa ukhale wothira ayodini, ndipo pa paketi pamalembedwa kuti "iodised salt". Ayodini amateteza ku chithokomiro ndipo ndi wofunika kwambiri pa kakulidwe ka ubongo wa mwana ali m'mimba komanso ali wamng'ono. Amachepa mchere ukakhala padzuwa, pachinyezi kapena pafupi ndi moto. Sungani mchere m'botolo lotseka, pamalo ouma, ndipo thirani ndiwo zitatsala pang'ono kupsa.

Nkhope yachiwiri ndi sodiyamu. Uyu ndiye amakweza BP akachuluka m'thupi, ndipo BP yokwera imabweretsa sitiroko, matenda a mtima ndi a impso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Ana amafunika wocheperapo.

Pali njira yosavuta yodziyesera. Ngati pakhomo panu mumadya anthu asanu, malire anu ndi magalamu 25 pa tsiku. Paketi ya magalamu 500 iyenera kutha masiku osachepera 20. Ikamatha sabata ziwiri zisanakwane, ndiye kuti mukupyola muyeso. Kumbukirani kuti chiwerengerochi sichikuphatikiza mchere wobisika mu buledi, soseji, nsomba zouma zothira mchere, tchipisi ndi tizakudya ta m'mapaketi tomwe ana amakonda.

Chepetsani pang'onopang'ono. Lilime limazolowera pakatha masabata ochepa. Chotsani mchere patebulo, ndipo nsomba zamchere muziyamba mwaziviika ndi kutaya madziwo.

Makyubu ndi zokometsera za m'mapaketi

Makyubu, supu wa ufa ndi timapaketi tomwe timabwera ndi nyama ya soya zimakhala ndi mchere wambiri. Pa mndandanda wa zomwe zilimo, kawirikawiri mchere umakhala koyambirira. Zambiri zimakhalanso ndi MSG, chokometsera chomwe mabungwe oona za chitetezo cha zakudya amachivomereza pa muyeso wophikira, koma nachonso chili ndi sodiyamu. Mukathira kyubu, musathirenso mchere. Anyezi, adyo, jinja, tsabola, tomato wakupsa bwino, mandimu ndi bwemba zimakometsa ndiwo popanda kukweza BP.

Soda ndi chidulo

Soda wophikira, yemwe pa paketi amalembedwa kuti "bicarbonate of soda", amafewetsa masamba msanga ndipo ndiye ambiri amathira mu thelere, chigwada ndi khwanya. Chidulo chimagwira ntchito yomweyo, kungoti chimachezedwa kuchokera ku phulusa la zitsononkho, mapesi kapena makoko a nyemba.

Vuto ndi lakuti zonse ziwiri zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, makamaka B1. Ndiwo zimaoneka zobiriwira bwino, koma mbali ina ya phindu lake imakhala itatha. Kuonjezera apo, supuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi sodiyamu wopitirira theka la muyeso wa munthu wamkulu pa tsiku lonse. Wodwala BP yemwe wachepetsa mchere koma akudya thelere la soda wambiri sanachepetse kwenikweni. N'chimodzimodzi ndi chizolowezi chomwa soda pothana ndi chilungulira. Chilungulira chobwerezabwereza chimafuna kuchipatala.

Mpiru, chinese, repu, bonongwe ndi nkhwani wanthete sizifuna soda. Thyolani masamba anthete ndipo muwadule bwino. Ngati thelere simungalidye popanda soda, thirani kochepetsetsa, ndipo tsiku limenelo muonjezere chipatso monga gwafa, lalanje, papaya kapena malambe.

Musasokoneze zinthu zinayi izi. Soda wophikira ndi uja tafotokozayu. "Baking powder" ndi soda wosakaniza zina, wofufumitsira makeke, zigumu ndi mandasi. Yisiti ndi tizamoyo tofufumitsa buledi. Koma "caustic soda" ndi wopangira sopo, sadyedwa, ndipo amawotcha m'kamwa ndi kummero. Musamusunge m'botolo la chakumwa kapena pafupi ndi zophikira. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala.

Mafuta ophikira

Thupi limafuna mafuta kuti lithe kuyamwa mavitamini A, D, E ndi K. Ndiwo zamasamba zothira timafuta pang'ono kapena zotendera zimapereka vitamini A wochuluka kuposa zongowiritsa ndi mchere. Kwa mwana woyamba kudya, supuni yaing'ono ya mafuta mu phala imaonjezera mphamvu popanda kudzaza kamimba kake.

Kwa akuluakulu, vuto ndi kuchulutsa. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu yoposa kawiri ya galamu ya ufa kapena shuga. Ndiwo zoyandama m'mafuta tsiku ndi tsiku zimanenepetsa, ndipo kunenepa kwambiri kumatsegula khomo la matenda a shuga ndi a mtima. Yezani ndi supuni m'malo mothira kuchokera m'botolo.

Mafuta amasiyananso mitundu. Amadzimadzi ochokera ku mpendadzuwa, soya ndi mtedza ndi abwino ku mtima kuposa ouma monga mafuta a nyama ndi batala. Mapeyala, mtedza, chitowe ndi nthanga za maungu nazonso zili m'gulu la zamafuta.

Mafuta okazingira mobwerezabwereza, monga zimachitikira pa ziwaya zina, amasintha n'kupanga zinthu zovulaza thupi. Akada, akayamba thovu, akamatuluka utsi msanga, akamanata kapena kununkha chiwawa, atayeni. Mafuta a m'mafakitale a m'dziko muno amayenera kuthiridwa vitamini A, koma vitamini ameneyu amawonongeka ndi dzuwa. Mafuta oyeza a m'timachubu omwe akhala padzuwa tsiku lonse sangafanane ndi osungidwa pamthunzi. Kunyumba, ikani botolo m'kabati kapena pakona pamdima.

Shuga

WHO imalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo imati ndi bwino kwambiri kutsikira pa masupuni 6. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zambiri zozizilitsa kukhosi limakhala ndi masupuni 7 kapena 8. Mukaonjeza makapu awiri a tiyi a masupuni atatu iliyonse, mwapyola kale musanadye thobwa, bisiketi kapena mandasi.

Shuga wa bulawuni ndi woyera amagwira ntchito mofanana m'thupi. Uchi nawo umawerengedwa m'gulu lomweli, ndipo usaperekedwe kwa mwana wosakwana chaka chifukwa ungathe kukhala ndi tizilombo toopsa kwa makanda. Shuga wa m'chipatso chodyedwa chathunthu sali m'chiwerengerochi.

Shuga wopangidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A. Cholinga chake ndi choti shuga wochepa yemwe anthu amamwa kale abweretse phindu. Si chifukwa chothirira masupuni ambiri. Vitamini A mungamupezenso mu mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Kaphulira, komanso m'maungu, mango, papaya, karoti, masamba obiriwira kwambiri, mazira ndi chiwindi.

Mtedza, nsinjiro ndi chuku

Nsinjiro ndi chimodzi mwa zophikira zopindulitsa kwambiri zomwe tili nazo. Zimapereka zomanga thupi ndi mafuta abwino pa mtengo wotsika kuyerekeza ndi nyama. Kutendera ndi kuthira nsinjiro mu ndiwo, ndipo futali ndi mbatata, maungu kapena chinangwa chophika ndi nsinjiro.

Mdani wa mtedza ndi chuku. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amapezekanso m'chimanga. Poizoniyu satha ndi kuwiritsa kapena kukazinga. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka, amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa omwe ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha. Mu 2004, anthu 125 adamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu.

Chitetezo chili pa kuumitsa ndi kusankha. Yanikani mtedza ndi chimanga pamphasa kapena pathandala, osati padothi. Musawaze madzi mtedza kuti usendeke msanga, chifukwa chinyezicho ndicho chuku chimafuna. Sungani mtedza ndi makoko ake, m'matumba oikidwa pamwamba osati pansi. Musanasinje, chotsani njere zonyala, zosweka, zobooka, zosintha mtundu ndi zowawa. Zimenezi musadyetse ng'ombe zamkaka, chifukwa poizoniyu amatulukira mu mkaka. Nsinjiro zogula zosinjasinja sizionetsa mtedza womwe udalowamo, choncho ngati n'kotheka gulani mtedza wathunthu, musankhe nokha.

Nyemba, nandolo ndi soya

Chimanga ndi zanyemba zimakwaniritsana. Zomanga thupi zomwe zimachepa m'chimanga zimapezeka m'nyemba, ndiye nsima ya nyemba ndi chakudya chokwanira bwino kuposa momwe ambiri amaganizira.

Kuviika nyemba usiku wonse kumathandiza patatu: zimapsa msanga ndiye makala amapulumuka, mpweya wa m'mimba umachepa, ndipo thupi limatha kuyamwa ayironi ndi zinki mosavuta. Tayani madzi oviikira, muphike ndi madzi atsopano. Nyemba ziyenera kubwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10 kenako n'kupsa mpaka kufewa, chifukwa zosapsa, makamaka zofiira, zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Musathire soda kuti zifewe msanga. Chipere, chomwe ndi nyemba zochotsa makoko n'kuzipota, ndi chabwino kwa ana aang'ono ndi odwala.

Soya sagayidwa wamuwisi. Ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa kaye, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya zomanga thupi.

Chinangwa ndi chigwada

Chinangwa chili mitundu iwiri, chozuna ndi chowawa. Chowawa chili ndi poizoni wa cyanide wochuluka ndipo sichidyedwa chachiwisi kapena chongowiritsa. N'chifukwa chake kumadera a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay ndi Nkhotakota amachisenda, kuchiviika m'madzi kwa masiku angapo mpaka chifewe, kenako n'kuchiyanika chisanasinjidwe ufa wa kondowole. Kufupikitsa masiku oviika, monga zimachitikira nthawi ya njala, ndi koopsa. Mu 1981, nthawi ya chilala, anthu opitirira 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique adalumala miyendo ndi matenda a konzo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira.

Chigwada, chomwe ndi masamba a chinangwa, chili ndi zomanga thupi zambiri koma nachonso chili ndi poizoni yemweyu. Chisinjeni bwino ndipo chiwire mokwanira, mphika uli wosavundikira. Apa lamulo lophika masamba kwa nthawi yochepa siligwira ntchito.

Mawu a kaphikidwe

Kuwiritsa ndi kuphika m'madzi obwata. Mavitamini ena amasungunukira m'madzimo, choncho pa ndiwo zamasamba thirani madzi ochepa ndipo msuzi wake udyedwe. Tsukani masamba musanadule, osati mutadula.

Kufwafwaza ndi kuphika masamba kwa kanthawi kochepa m'timadzi tochepa. Njirayi imasunga mavitamini ambiri. Madzi ayambe awira, ikani masamba, vundikirani, ndipo phulani akadali obiriwira.

Kukazinga kuli pawiri. Pali kukazinga popanda mafuta monga mtedza ndi chimanga, ndi kukazinga m'mafuta. Kwa odwala shuga, BP kapena ofuna kuchepetsa thupi, zokazinga m'mafuta ambiri zikhale za apo ndi apo.

Kuwotcha ndi kuika chakudya pamoto kapena pamakala. Nyama ipse mpaka mkati, makamaka ya nkhumba ndi nkhuku, koma isapserere. Dulani mbali zomwe zada ngati khala.

Kuwamba ndi kuumitsa nyama kapena nsomba pautsi. Zowamba zikayamba chuku, mphutsi kapena fungo lachilendo, zisadyedwe. Usipa, matemba ndi bonya zili ndi phindu lapadera chifukwa zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo mingayo ndi yomwe imapereka kashiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano. Mungathe kuzisinja n'kuthira mu phala la mwana.

Kufutsa ndi kuwiritsa masamba pang'ono n'kuwayanika kuti akhale mfutso wodya nthawi ya chilimwe. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pamalo oti fumbi ndi ziweto sizifika, chifukwa dzuwa lamphamvu limawononga vitamini A.

Kumeretsa ndi kusasitsa ndi zomwe zimachitika pokonza chimera ndi thobwa. Njirazi zimathandiza thupi kupeza ayironi ndi zinki wa m'mbewu. Chofunika ndi kugwiritsa ntchito madzi aukhondo, kuchepetsa shuga, komanso kusapatsa ana thobwa lomwe layamba kusanduka mowa.

Tiyi ndi kuchepa kwa magazi

Tiyi ndi khofi zimalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba. Vitamini C amachita zosiyana, amathandiza ayironiyo kulowa. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena adakuuzani kuti magazi ndi ochepa, siyanitsani tiyi ndi chakudya ndi ola limodzi kapena awiri. Pa nsima, finyirani ndimu mu ndiwo kapena idyani chipatso mukangomaliza.

Mawu a pa mapaketi

"Fortified" amatanthauza kuti chakudyacho chaonjezeredwa mavitamini kapena michere ina. M'Malawi, shuga, mafuta ophikira, ufa wa tirigu ndi ufa wa chimanga wa m'mafakitale zimayenera kukhala zotero, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limaona za miyezo yake. Ufa womwe mwakagayitsa nokha kuchigayo sukhala ndi zoonjezerazi.

"Ingredients" ndi mndandanda wa zomwe zilimo, kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira ku chochepa. Ngati "sugar" kapena "salt" zili pa malo atatu oyambirira, dziwani kuti mukugula shuga kapena mchere wambiri.

"Sodium" ndi sodiyamu uja. Kuti mudziwe kuchuluka kwa mchere, chulukitsani nambalayo ndi 2.5. Mamiligalamu 400 a sodiyamu ndi galamu imodzi ya mchere.

"Use by" kapena "expiry date" ndi tsiku lomaliza lomwe chakudya chingadyedwe mosaopsa, ndipo likadutsa musadye. "Best before" amanena za nthawi yomwe chakudya chimakhala chili bwino kwambiri pa kakomedwe ndi kaonekedwe. Chitini chotupa, chadzimbiri kapena chodontha musagule, ngakhale tsiku lake lisanakwane.

"Hydrogenated" kapena "trans fat" ndi mafuta oumitsidwa kufakitale, omwe amapezeka m'mitundu ina ya majarini ndi mabisiketi. Ndi oipa kwambiri ku mtima.

Mkute ndi ukhondo

Chakudya chophika chisakhale pamtunda maola opitirira awiri, makamaka nyengo yotentha. Kumene kulibe firiji, phikani chokwanira nthawi imeneyo. Mkute, mpunga wogona ndi ndiwo za dzulo zitenthetsedwe mpaka zitenthe mkati monse, msuzi ubwate, osati kungofunditsa. Mwana wamng'ono apatsidwe chakudya chophikidwa kumene.

Nyama ndi nsomba zaziwisi zisakhudzane ndi zakudya zakupsa kapena zodya zosaphika monga tomato ndi kabichi wa saladi. Mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nkhuku zitsukidwe ndi sopo musanadulire china. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike, ndipo madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, udaonetsa mtengo wa madzi ndi chakudya chosasamalika.

Poyambira

Simungasinthe zonse tsiku limodzi. Sankhani zitatu sabata ino: lembani tsiku lomwe mwatsegula paketi ya mchere kuti muone masiku omwe ithere, siyani soda mu masamba anthete, ndipo sankhani mtedza musanasinje. Zonsezi sizifuna ndalama yoonjezera.

Ngati muli ndi BP, shuga, matenda a impso, muli oyembekezera kapena mwana wanu sakukwera sikelo, malangizo a m'nkhani ino asalowe m'malo mwa a kuchipatala. Funsani namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za muyeso woyenera inuyo, ndipo musasiye mankhwala chifukwa choti mwasintha kadyedwe. BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi, choncho ngakhale mukudzimva bwino, kayezetseni.